Nyumba Yosasankha Munthu

Amalume anandipatsa miyezi itatu. Anati mvula yoyamba ikadzagwa nyumba ya malemu achimwene ilibe munthu, adzazula malata onse n'kukafolera shedi yawo ya fodya. Ananena zimenezi mu Ogasiti, msika wa fodya utangotsekedwa, ndipo ananena mofatsa ngati akundiuza za mtengo wa mchere.

Nyumbayo inali kumapeto kwa kamsika kena ka pamsewu wopita kwa Chulu, pamalo a mbumba yathu. Inali ya zipinda zitatu, ya njerwa zootcha koma zomangira dothi. Aliyense wa kwathu amadziwa kuti nyumba yotere ukaivula denga, dzinja limodzi lokha ndi lokwanira kuisandutsa chulu. Achimwene anaimanga ndi fodya wa zaka zitatu, ine ndikuwatungira madzi oumbira njerwa mpaka khosi kuuma. Anagonamo zaka ziwiri zokha. Atamwalira, alamu anasudzulidwa n'kubwerera kwawo, nyumba n'kutsala yokha. Chaka chisanathe akuba anali atazula kale chitseko cha khitchini.

"Mbava zayamba ndi chitseko, mawa zikwera padenga," anatero amalume. "Bola tizule tokha malatawo agwire ntchito pamudzi pompano. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Chinandipweteka kwambiri n'chakuti sankanama. Munthu wolankhula zopusa umatha kumukalipira mtima n'kutsika, koma amalume ankanena zoona, ndipo ine ndinalibe china chowayankha koma chakuti nyumbayo ndi chokhacho chimene achimwene anasiya padziko. Kukhalamo ine sikukanatheka. Ndimagwira ntchito pa Kasungu Boma, m'kashopu kotaipa makalata ndi kujambula mapepala, ndipo mwana wanga amaphunzira komweko. Ndiye ndinati ndipeza munthu wa lendi.

Zikalata zoitanira anthu a lendi ndataipa zambirimbiri pantchito yanga. Eni nyumba amabwera atalemba kale pakapepala, ine n'kumangokopera. "Banja lokha." "Opemphera okha." "Mabachela ayi." "Ana asapitirire awiri," ngati ana amabadwa mofunsa kaye kwa alandilodi. Wina anandilembetsa kuti sakufuna anthu a chigawo chakutichakuti, ndipo anandiuza kuti mawuwo ndiwakulitse. Ndinawakulitsa, chifukwa ntchito ndi ntchito, koma mumtima ndinkamutukwana. Chaka chimene banja langa linatha ndinayenda Boma yonse mwana ali kumbuyo, ndikugogoda pamakomo ofuna anthu a lendi. Paliponse funso linali limodzi: "Abambo ali kuti?" Ndikayankha, nyumba imene inali yopanda munthu m'mawa inkapezeka kuti yatengedwa dzulo. Ndinalumbira nthawi imeneyo kuti ine ndikadzakhala ndi khomo, sindidzafunsa munthu funso lotere.

Amalume anali ndi maganizo awo pa zolemba. Ndinawapeza pashedi yawo yaudzu ija, akumanga mitolo ya mikangala, timitengo toyanikira fodya.

"Ulembe kuti tikufuna banja lopemphera, la ukwati wa kutchalitchi," anatero.

"Ayi amalume, ndilemba kuti aliyense."

Anasiya ntchito n'kundiyang'ana ngati ndawauza kuti ndikufuna kubzala fodya mu Juni.

"Iwe unakulira m'fodya. Unaonapo belo losasankha likugulidwa? Ukasakaniza masamba apansi ndi apamwamba, ku okushoni amangosolola kamodzi, belo lonse n'kulibweza. Chinthu chabwino chimasankhidwa, mwana wa mlongo wanga."

"Anthu si fodya, amalume."

"Chabwino. Miyezi ndi yako, ulembe zimene ukufuna."

Ndinabwerera ku Boma ndili wokwiya komanso wonyada, ndipo chikalatacho ndinachitaipa mwaluso kuposa zonse zimene ndinataipirapo anthu. Ndinanena zoona zokhazokha: zipinda zitatu, denga la malata, pansi pa simenti, mjigo uli pafupi, magetsi mulibe, khitchini ilibe chitseko koma chiikidwa. M'munsi ndinalemba kuti aliyense ndi wolandiridwa, wa mpingo uliwonse kapena wopanda mpingo, wa mtundu uliwonse, wapabanja kapena ayi, ndipo chofunika n'kusamala nyumba ndi kukhala bwino ndi anansi. Nditamaliza ndinachiwerenga katatu. Ndinkadziona ngati munthu wabwino kwambiri m'Kasungu yense.

Ndinapita kukachimata kumsika wa kwathu Lachinayi, nditangochoka kumsonkhano wa amayi a kutchalitchi, ndili mu bulauzi yoyera ndi duku loyera. Ndinamata pachigayo, pakhoma la golosale, ndi pamtengo umene akabaza amaimikapo njinga zawo podikira anthu. Kwathu munthu wofuna nyumba sayamba ndi kuwerenga mapepala. Akatsika galimoto amafunsa akabaza, chifukwa iwowo amadziwa khomo lililonse ndi nkhani zake. Ndiye kiyi ndinasiyira bambo wina wakabaza, munthu wachikulire waimvi, amene anali mnzawo wapamtima wa achimwene ndipo ananyamula nawo bokosi pamaliro. Ndinati wofuna kuona nyumba azimuonetsa, akaikonda azindiimbira.

Oyamba kubwera anali mphunzitsi wina wosamutsidwira kusukulu yapafupi, ndi akazi ake. Ndinakwera minibasi Loweruka kukakumana nawo. Anayendera zipinda zonse, bambowo akugogoda makoma, mayiwo akusuzumira kudenga. Ndinaona kuti aikonda.

"Malamulo anu ndi otani, mayi?" anafunsa aphunzitsiwo.

"Kusamala nyumba basi, ndi kukhala mwamtendere."

"Simutifunsa kumene timapemphera? Kalata ya ukwati?"

"Ayi, zimenezo ndi zanu."

Anayang'anana. Mayiwo anasendera kufupi ndi chitseko.

"Munafera munthu muno?"

Ndinati ayi, achimwene anamwalirira kuchipatala.

"Nanga bwanji mukuitsatsa ngati tomato wamadzulo?" anatero mayiwo. "Nyumba yabwinobwino, mwini wake osafunsa kanthu? Pali chimene simukunena."

Ndinafotokoza mpaka malovu kuuma. Anandithokoza mwaulemu, n'kunena kuti akaganiza. Patapita sabata ndinamva kuti alowa m'kanyumba ka zipinda ziwiri, kodontha, ka mkulu wina wa mpingo amene anawafunsa mafunso tsiku lonse n'kuwaitanitsa kalata yochokera kwa abusa awo akale. Ndinamvanso kuti mayi aja ankanyadira zimenezi pamjigo, akuti iwo anadutsa pa sefa.

Anabweranso mlangizi wina wa zaulimi, naye anafunsa zomwezo ndipo sanabwererenso. Pofika kumapeto kwa Seputembala anthu a pamsika anali atayamba kuitchula kuti nyumba ya aliyense, akumaseka kuti posachedwa ndiikamo mabedi a maola. Mawu amene ine ndinkanyadira, kwa iwo anali umboni wakuti nyumbayo ili ndi chilema. Zinandiwawa, komabe ndinkadzitonthoza kuti anthu onyada asiyeni apite. Chikalata changa sindinalembere iwo. Ndinalembera anthu okanidwa pamakomo, ngati mmene ndinalili ine, ndipo ndinkadikira kuti amenewo ayimba.

Foni sinalire. Okutobala anafika ndi dzuwa lake loswa mtengo, anthu ali kalikiriki kuthirira nazale za fodya kudimba, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayang'ana kumwamba ndi mantha. Pakati pa mweziwo ndinalephera kupirira, ndinapempha tsiku kuntchito n'kupita. Bambo wakabaza uja ndinamupeza pamtengo paja akupopa tayala.

"Achimwene, zoona palibe ngakhale mmodzi wafunsa za nyumba ija?"

"Iii, achemwali, ofunsa ndiye ambiri!" anayankha akumwetulira. "Koma musadandaule, ndakhala ndikukuseferani."

"Kusefa chiyani?"

Anayamba kundiwerengera monyadira, ngati mlonda wofotokoza akuba amene wathamangitsa. Panabwera mtsikana wogwira ntchito kubala. Panabwera banja lina la ana asanu, lochotsedwa pa esiteti fodya atatha. Panabwera mnyamata wogulitsa nyama, wosakwatira. Onsewo anawauza kuti nyumba yatengedwa.

"Ndiye pali mayi wina wachisilamu, telala uja amasokera pakhonde la sitolo ya zitsulo. Ameneyo ndiye wosamva, wabwera kawiri."

Ndinaloza chikalata chija pamtengo.

"Kodi chikalatacho simunawerenge? Chili pamutu panu pomwepa! Ndinalemba kuti aliyense!"

"Ndinawerenga, achemwali. Koma pepala ndi pepala. Ine ndinakuonani tsiku lija mutavala zoyera mbee, mayi wa kutchalitchi. Ndinati awa alemba chonchi chifukwa ndi mmene amalembera ku Boma, koma mumtima akufuna anthu oyenera. Nyumba ya mnzanga ndingalowetsemo aliyense ine? Iyeyo kumandako angandione bwanji?"

Ndinamukalipira pamaso pa anzake onse, mawu amene sindingawalembe pano. Sanandibwezere. Anangopisa m'thumba, n'kundipatsa kiyi ndi manja awiri, m'maso muli misozi. Munthuyo anandiphera miyezi iwiri chifukwa chondilemekeza, ndipo mpaka lero sakumvetsa chimene analakwa.

Ndinapita molunjika kusitolo ya zitsulo. Telalayo anali mayi wa msinkhu wanga, wochepa thupi, atafunda mpango wobiriwira kumutu, akupalasa makina osokera. Nditadzitchula kuti ndine mwini nyumba ija, sanasiye kusoka. Anamaliza kaye msoko, n'kudula ulusi ndi mano.

"Anandiuza kuti inatengedwa," anatero.

"Ananama, mayi. Ine sindinkadziwa. Pepani kwambiri."

Anandiuza mwachidule kuti amuna ake anamwalira, ali ndi ana atatu, ndipo onse amagona m'kachipinda kakuseri kwa sitoloyo. Mwini sitolo anali atawauza kuti achoke mvula isanayambe, chifukwa akufuna kusungiramo feteleza. Ndinati tiyeni mukaione lero lomwe. Anavundikira makina ndi chitenje, tinanyamuka.

Mayi ameneyo anaona nyumba mosiyana ndi onse. Sanafunse za mizimu. Anaima pawindo la pabalaza n'kutambasula dzanja kuti aone kuwala, akuti apa ndi poika makina. Anaona kanjira ka chiswe kakukwera pakona, anakakhwekhwereza ndi chidendene, n'kundiuza mankhwala othira. Anati chitseko cha khitchini ndisavutike nacho, ali ndi mlamu wake kalipentala. Ndinamukonda nthawi yomweyo. Kwa nthawi yoyamba chimwalirireni achimwene ndinaona m'maganizo nyumbayo ili ndi makatani, ana akuthamanga pabwalo. Ndinamuika kiyi m'manja.

"Nyumba ndaikonda," anatero. "Koma inu mumakhala ku Boma. Ine ndizikhala ndi amene ali pano. Ndiperekezeni ndikawapatse moni anthu amene ndizikumana nawo pamjigo."

Khomo loyandikana ndi nyumbayo ndi la amayi aang'ono, mng'ono wawo wa malemu amayi anga. Iwowa ndi amene anandilera amayi atamwalira. Anandisambitsa, anandimeta, anandiperekeza kusukulu tsiku loyamba. Ndinkadziwa mtima wawo, koma ndinadziuza kuti mlendo akafika pakhomo, mwambo umaposa mtima. Kwathu ngakhale munthu amene munakangana naye dzulo akati odi, umamuyalira mphasa kaye, zokangana pambuyo.

Tinawapeza pansi pa mtengo wa mango, atakhala pamphasa, akusenda mtedza wa mbewu. Mphasa ina inali yokulunga, yotsamira khoma, pafupi moti akanangotambasula dzanja.

"Odi, amayi."

"Eee, wabwera? Khala apa," anatero, akusendera pang'ono n'kumenya ndi chikhato pamphasa pawo, malo okwana munthu mmodzi.

Ndinakhala. Sindinaganize n'komwe. Miyendo inangopinda yokha monga yakhala ikuchitira kuyambira ndili mwana, amayi akati khala apa. Nditakhala ndi pamene ndinazindikira kuti mlendo wanga watsala chiimire padzuwa.

Telalayo anagwada pafumbi, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Muli bwanji, amayi?"

"Tili bwino," anayankha amayi aang'ono, maso ali pa mtedza. Sanabweze moni. Anatembenukira kwa ine n'kuyamba kundifunsa za mwana wanga, za mayeso ake, za chifuwa chimene anadwala mwezi watha, za mtengo wa sopo ku Boma. Ndinkayankha. Mayi uja anali chigwadire. Ndinkaona mphasa yokulunga ija ndi ngodya ya diso langa, ndipo ndinkadziuza kuti akangomaliza funso ili ndidzuka ndikaitenge ndekha. Funso linkatha, lina n'kuyamba.

Potsiriza ndinati, "Amayi, awa ndi amene alowe m'nyumba ya achimwene."

"Ndi aja osoka?" anandifunsa ine, ngati mwini wake ali ku Lilongwe. "Uwauze kuti kuno timaweta nkhumba, ndipo sitimanga. Zimayenda paliponse, mpaka pakhonde lija. Uwauzenso kuti pano pakagwa maliro timadya mbale imodzi, sitiphikira munthu mphika wakewake."

Ine ndine munthu wapakamwa. Ndinakalipirapo kondakitala mpaka minibasi yonse kuombera m'manja. Ola limodzi lokha m'mbuyomo ndinali nditangoliza bambo waimvi pamsika. Mawu oyankha ndinali nawo, okonzeka bwino: kuti mlendoyu ndi wanga, kuti nyumbayo ndikuyang'anira ndine, kuti nkhumba zimangidwa. Koma ndinayang'ana manja amene anandisambitsa akusenda mtedza, ndipo pakamwa panga panatuluka kakuseka kopusa.

"Aaa, amayi inunso," ndinatero. Basi, zimene ndinanena ndi zomwezo.

Telalayo anaombanso m'manja, anatsazika, n'kudzuka. Anasasa fumbi m'mawondo mosafulumira. Ndinamutsatira mpaka kumsewu ndikulankhula zambirimbiri, kuti amayi aja ndi okalamba, amangolankhula, mtima wawo ndi wabwino, adzazolowera. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Musadzivute, mayi," anatero. "Ine zimenezi si zachilendo. Nkhumba sindiziopa, ndakhala nazo moyandikana kambiri. Ndimafuna ndione ngati tsiku lina ana anga atatukwanidwa pamjigo pali amene angatsegule pakamwa. Ndaona."

"Ndipatseni mpata, ndikalankhula nawo."

"Mpata unali pomwe paja." Sanakweze mawu. "Mukudziwa, aja amalemba poyera kuti sakutifuna, ine sindidana nawo kwambiri. Amandipulumutsa ulendo. Inu mwandiyendetsa katatu."

Anandibwezera kiyi, n'kubwerera kumakina ake.

Loweruka lotsatira ndinapitanso, nditalankhula ndi amayi aang'ono mawu onse amene ndinalephera tsiku lija. Anangondiyankha kuti ndakula. Telala ndinamupeza pakhonde pomwe paja. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, n'kundiuza kuti apeza kachipinda kwa munthu wa chipembedzo chawo, kosamaliza kumanga, kopanda mawindo, ndipo asamukira kale. Ndinamupempha, ndinachita kumuchonderera. Anati zikomo, koma ayi. Ndinafunafuna banja la ana asanu lija, anthu anati linakwera lole kupita kumaesiteti ena. Mtsikana wa kubala anandiseka, akuti iye safuna kukhala koyang'aniridwa ndi mpingo wonse. Nkhani ya pamphasa inali itafika kale pamsika, ndipo panalibenso wokhulupirira pepala langa.

Mvula inagwa sabata yachitatu ya Novembala, masana, ine ndili kuntchito. Ndinaima pakhomo la shopu ndikuiyang'ana ikusefukira m'ngalande, anzanga akusangalala kuti kwazizira. Tsiku lotsatira amalume anandiimbira foni. Anati sakufuna kuchita zinthu kuseri kwanga, ndibwere ndidzaone ndi maso.

Ndinawapeza atafika kale ndi amuna awiri ogwira ntchito m'munda mwawo, ngolo itaima pabwalo. Sananditonze, sananene kuti ndinakuuza. Zikanakhala bwino akanatero, ndikanapeza pokwiyira. Amuna aja anakwera padenga n'kuyamba kuzula misomali, uliwonse ukulira potuluka. Lata loyamba litachoka, dzuwa linalowa m'chipinda chimene achimwene ankagona, ndipo ndinaona kuchokera pawindo kuti khoma lamkati ndi losapaka laimu pamwamba, pamene iwo ankati adzamalizitsa fodya akadzachita bwino. Ndinalira poyera, osabisa. Ndinkalirira achimwene, komanso ndinkadziwa kuti nyumbayi sikuti yagwetsedwa ndi amalume, kapena ndi wakabaza, kapena ndi mvula.

Kunkawomba mphepo ya mvula ina. Amalume, ndi ukalamba wawo wonse, anaumirira kukwera okha kuti azilandira malata, akuti anyamata amakono amapinda. Makwerero anali opanga ndi mitengo ya bulugamu, mwendo umodzi waufupi, ndipo anayamba kugwedezeka iwo ali pakati. Anayang'ana pansi, panalibe wina koma ine.

"Tagwira apa, mwana wa mlongo wanga, ndingagwe."

Ndinapukuta m'maso, ndinapita, ndinagwira. Ndinagwira mwamphamvu ndi manja onse awiri, phazi nditapondetsa pamwendo waufupi uja, mpaka lata lomaliza linatsika.